Clair Patterson: anapita kukayeza zaka za dziko, n'kubwerako ndi nkhani ya mtovu

Petulo amene maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre amamwa masiku ano alibe mtovu. Mpaka cha kumayambiriro kwa 2006, m'mayiko ambiri a kuno kum'mwera kwa Sahara zinthu sizinali choncho. Galimoto yoyendera petulo ikamadutsa mu Chipembere Highway inkalavula utsi wokhala ndi timtovu tosaoneka ndi maso, ndipo mavenda a m'mbali mwa msewu, makondakitala ndi ana opita kusukulu ankapuma zimenezo tsiku ndi tsiku. Kuti mtovuwo uchoke m'petulo panadutsa zaka zoposa 80, ndipo amene anaulimbana ndi ambiri. Koma pali mmodzi amene anasintha mkangano wonse, ngakhale sanali dokotala kapena wandale. Ameneyu ndi Clair Cameron Patterson wa ku America, katswiri wa kemisitiri ya miyala, amene anabadwa mu 1922 n'kumwalira mu 1995.

Masiku ano wasayansi amamutama powerenga mapepala amene walemba ndi anthu amene amamutchula m'zolemba zawo. Kwa Patterson muyezo umenewo ndi woperewera. Chachikulu chimene anachita n'chakuti anauza akatswiri anzake kuti manambala awo ambiri okhudza mtovu anali olakwika chifukwa malabotale awo anali odetsedwa ndi mtovu womwewo, ndipo anawaonetsa mmene angayezere molondola. Nkhani ya petulo, ya zitini ndi ya penti inatsatira pambuyo.

Anabadwira m'katauni ka Mitchellville ku Iowa, naphunzira kemisitiri ku Grinnell College. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwira ntchito ku Oak Ridge, kumene ankakonza yureniyamu wa bomba la atomiki, ndipo kumeneko anazolowera makina otchedwa mass spectrometer, olekanitsa maatomu malinga ndi kulemera kwawo. Nkhondo itatha anapita ku University of Chicago. Mphunzitsi wake, Harrison Brown, anali ndi funso limene anthu anakhala akukangana kwa nthawi yaitali: kodi dziko lapansili lili ndi zaka zingati?

Njira yake inali yomveka. Yureniyamu, yemwe uja wa ku Kayelekera ku Karonga, sakhala chikhalire. Pang'onopang'ono amasanduka mtovu, ndipo liwiro lake silisintha kaya kutenthe kaya kuzizire. Mtundu wa yureniyamu wotchedwa 238 umatenga zaka 4.47 biliyoni kuti theka lake lisanduke, pamene wa 235 umatenga zaka pafupifupi 704 miliyoni, ndipo uliwonse umabala mtundu wakewake wa mtovu. Ukayeza mitundu ya mtovuyi m'mwala, ukhoza kuwerengera nthawi imene mwalawo wakhala ulipo. Vuto n'lakuti dziko limasungunula miyala yake n'kuiumbanso, moti mwala wa pachiyambi penipeni sungaupeze. Brown anaganiza zogwiritsa ntchito miyala yogwa kuchokera mumlengalenga, imene inapangika nthawi imodzi ndi dziko. Ina mwa iyo ndi yachitsulo ndipo ilibe yureniyamu wokwanira kusokoneza zinthu, choncho mtovu wake ndi uja wa pachiyambi.

Asanafike kumeneko, Patterson ndi mnzake George Tilton anayamba ayesera njirayi pa timiyala ting'onoting'ono totchedwa zircon. Tilton ankayeza yureniyamu, Patterson mtovu. Manambala a Tilton ankatuluka bwino, a Patterson ankachuluka mopitirira zimene masamu ankalola. Anafufuza kumene mtovu wowonjezerawo ukuchokera, n'kupeza kuti ukuchokera paliponse: m'mabotolo, m'madzi a pampopi, m'mankhwala oyezera, m'penti wa pakhoma, m'fumbi, m'zovala ngakhale m'tsitsi lake. Zinali ngati kulawa ndiwo kuti umve ngati mchere wakwana, chipande chako chitaviikidwa kale mumchere. Chilichonse ungalawe chidzamveka chamchere, ndipo udzanena motsimikiza kuti ndi mmene ndiwo zimakhalira.

Ambiri akanangochotserapo kanambala n'kupitiriza. Iye anathera zaka akulimbana ndi vutolo. Atasamukira ku California Institute of Technology pamodzi ndi Brown mu 1952, anamanga imodzi mwa malabotale oyamba oyera kotheratu: mpweya wolowa unkasefedwa, mankhwala ankawayeretsa yekha, ziwiya ankaziviika mu asidi, ndipo wolowamo ankavala zovala zapadera. Mu 1953 anayeza mtovu wa mwala wa Canyon Diablo, umene unagwa kalekale ku Arizona, pa makina a ku Argonne National Laboratory. Mu 1956 anasindikiza yankho: dziko lili ndi zaka 4.55 biliyoni, kuphonya kwake kosapitirira zaka 70 miliyoni uku kapena uku. Makina amakono aposa ake kutalitali, koma nambala imene asayansi amagwiritsa ntchito lero ndi 4.54 biliyoni. Sanaphonye.

Munthu wina akanapumira pomwepo, mbiri yake itakwana. Koma funso la mtovu wa mulabotale linamukhalabe m'mutu. Anayamba kuyeza matope a pansi pa nyanja zikuluzikulu pamodzi ndi Tsaihwa Chow, pofuna kudziwa mmene mtovu wakhala ukuyendera kuchoka kumtunda kupita m'nyanja kwa zaka mamiliyoni. Anapeza kuti umene ukulowa m'nyanja m'nthawi yathu ndi wochuluka kambirimbiri kuposa wa kale. Kenako, ndi Mitsunobu Tatsumoto, anayerekeza madzi a pamwamba ndi a pansi penipeni. Madzi a pansi pa nyanja amatenga zaka mazanamazana asanasakanikirane ndi a pamwamba, choncho amasunga mmene zinthu zinalili kale. Mtovu unali wambiri pamwamba, wochepa pansi, pomwe chitsulo china chofanana nawo m'makhalidwe, barium, sichinkaonetsa zimenezo. Tanthauzo lake linali lakuti pali chinachake chatsopano chimene chikuthira mtovu m'nyanja kuchokera mumpweya. Mu 1963 analoza chala petulo. Chodabwitsa n'chakuti zina mwa ndalama za kafukufukuyu zinkachokera ku American Petroleum Institute, bungwe la makampani a mafuta. Sizinapitirire.

Mtovu unalowa bwanji m'petulo? Mu 1921 Thomas Midgley, injiniya wa ku General Motors, anapeza kuti mankhwala otchedwa tetraethyl lead amaletsa injini kugogoda, chifukwa amachititsa kuti petulo ayake bwino m'malo mophulika nthawi isanakwane. Petulo wotere anayamba kugulitsidwa mu 1923 ndi dzina loti Ethyl, dzina losatchula mtovu n'komwe. Kuopsa kwake kunaoneka msanga. Mu Okutobala 1924, pa fakitale ya Bayway ku New Jersey, antchito asanu anamwalira atachita misala ndipo ena ambiri anadwala. Madokotala ena monga Alice Hamilton ndi Yandell Henderson anachenjeza kuti utsiwo udzafalitsa poizoni m'mizinda yonse, koma boma linalola malondawo kupitirira. Midgley yemweyu ndi amene pambuyo pake anathandiza kupanga gasi wa m'mafiriji wotchedwa Freon, uja anadzaboola ozoni, mpweya wa kumwamba wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Bambo ameneyu mlengalenga sunamuyanje.

Kwa zaka pafupifupi 40 zotsatira, katswiri womveka pa nkhani ya mtovu anali Dr Robert Kehoe wa ku Kettering Laboratory ku Cincinnati, labotale yothandizidwa ndi makampani omwewo. Mfundo zake zinali zitatu. Mtovu ndi wachilengedwe, aliyense ali nawo m'thupi. Thupi limautulutsa lokha. Ndipo sungavulaze pokhapokha utapitirira mamaikulogalamu 80 pa desilita imodzi ya magazi (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu, desilita ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a lita). Umboni wake unali wakuti aliyense amene anamuyeza anali ndi mtovu, ngakhale anthu a m'midzi ya kutali ku Mexico. Chimene sanachiganizire bwino n'chakuti anthu a m'midziyo ankadyera m'mbiya zopakidwa mtovu, komanso kuti labotale yake inali ndi vuto lomwe lija Patterson anakumana nalo.

Pepala la Patterson la 1965, lotchedwa Contaminated and Natural Lead Environments of Man, linagunda pomwepa. Iye anati kupezeka kwa chinthu mwa aliyense si umboni wakuti ndi chachilengedwe. Kungatanthauzenso kuti aliyense wadetsedwa. Ngati ukufuna kudziwa mlingo wachilengedwe, usayeze anthu a lero n'kutenga pakatikati, chifukwa onse akupuma mpweya umodzi. Powerengera kuchokera ku miyala, nthaka ndi zakudya, anati thupi la munthu wamba wa ku America linali ndi mtovu wochuluka pafupifupi nthawi 100 kuposa mlingo wachilengedwe. Madokotala a m'mafakitale anakwiya, ati munthu wa miyala akudziwa chiyani za thupi la munthu.

Yankho lake linali kukafuna zinthu zimene zinasunga mbiri ya nthawi ya kale. Ku Greenland chipale chimagwa chaka ndi chaka n'kumaunjikana osasungunuka, ndipo chaka chilichonse chimakwirira fumbi la mumpweya wa nthawi yake. Mu 1964 anapita kumeneko, ndipo pambuyo pake ku Antarctica, kukakumba madzi oundana ndi zida zoyeretsedwa, antchito atavala mapulasitiki kuti asadetse zimene akutola. Zotsatira zake zinatuluka mu 1969, pamodzi ndi Masayo Murozumi ndi Chow: mtovu wa m'chipale cha Greenland unali utakwera nthawi zoposa 200 poyerekeza ndi zaka za m'ma 800 Khristu asanabadwe. Unayamba kukwera pamene mafakitale anachuluka ku Ulaya, kenako unalumpha kwambiri kuyambira m'ma 1940, galimoto zitadzaza misewu. Mu 1979 anayeza mafupa ndi mano a anthu a ku Peru amene anakhalako zaka pafupifupi 1,600 zapitazo, n'kupeza kuti anthu a lero ali ndi mtovu wochuluka nthawi mazanamazana.

Kafukufuku amene ine ndimamuona kuti akufotokoza bwino Patterson ndi wa nsomba za m'zitini, wa 1980, amene anachita ndi Dorothy Settle. Nthawi imeneyo zitini ankaziwotcherera ndi mtovu. Labotale ya boma inanena kuti nsomba ya tuna yaiwisi ili ndi mananogalamu 400 a mtovu pa galamu iliyonse (nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu), ya m'chitini 700. Ukaona choncho umati chitini sichiwonjezera zambiri, palibe chodetsa nkhawa. Patterson atayeza m'labotale yake yoyera anapeza 0.3 mu yaiwisi ndi 1,400 mu ya m'chitini. Taonani kuti kulakwitsa kwa labotale ya boma kunali pa nsomba yoyerayo: anaidetsa okha poyeza, kusiyana kwenikweni n'kubisika. Labotale yauve sikuti imangopereka nambala yolakwika, imalakwitsa mokomera wodetsa chilengedwe.

Zonsezi anazilipira. Ndalama za kafukufuku zochokera ku makampani a mafuta zinaduka. Mu 1966 anakapereka umboni ku komiti ya Senate, nyumba ya malamulo ya ku America, yotsogozedwa ndi Edmund Muskie, akutsutsana ndi Kehoe poyera. Koma mu 1971, bungwe la National Research Council litasankha akatswiri oti aunike za mtovu wa mumpweya, iye anamusiya, pomwe panalibe womuposa pa kuyeza mtovu. Anadzamuitana ku komiti ina mu 1978, ndipo ataona kuti lipoti la anzake ndi lofewa, analemba lake lotsutsa la masamba 78. Akuti sanali munthu wosavuta kukhala naye, ndipo labotale ya mnzake akaiona kuti ndi yauve ankanena mosapsatira.

Tisamupatse ulemu wonse yekha. Patterson anaonetsa kuti mtovu wachuluka, koma amene anaonetsa zimene ukuchita kwa ana ndi madokotala, makamaka Herbert Needleman. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 1979, Needleman anasonkhanitsa mano a ana a sukulu amene anaguluka okha, ku Massachusetts, n'kupeza kuti ana okhala ndi mtovu wambiri m'mano ankatsalira pa mayeso a nzeru ndipo ankavutika kutchera khutu m'kalasi, ngakhale sankaoneka odwala. Palinso chifukwa china chosakhudza chifundo konse. Kuyambira 1975 galimoto zatsopano ku America zinayamba kukhala ndi catalytic converter, chida chochepetsa utsi woipa, ndipo mtovu umachiwononga. Opanga galimoto eniake anayamba kufuna petulo wopanda mtovu. Zitatuzi zitakumana, boma la America linauchepetsa kwambiri, ndipo mu 1996 linauletseratu pa galimoto za pamsewu. Pakati pa kumapeto kwa ma 1970 ndi kumayambiriro kwa ma 1990, mtovu wa m'magazi a anthu a ku America unatsika ndi pafupifupi 78 peresenti. Mfundo ya Kehoe yoti ndi wachilengedwe inafera pomwepo, pakuti chachilengedwe sichingatsike chifukwa choti asintha petulo.

Mu sayansi, dzanja la Patterson linafika kutali kuposa mtovu. Akatswiri a za m'nyanja anazindikira kuti manambala awo akale a zitsulo monga zinki, kopa ndi ayironi m'madzi anali odetsedwa ndi sitima, zingwe ndi mabotolo awo, ndipo anayambiranso ndi njira zaukhondo. Apo m'pamene John Martin anatha kuonetsa kuti m'madera ena a nyanja timbewu ta m'madzi sitikula chifukwa chosowa ayironi, mfundo imene lero ili pakati pa kafukufuku wa kusintha kwa nyengo. Claude Boutron wa ku Grenoble, amene anagwira naye ntchito, anapitiriza za chipale: mu 1991 gulu lake linaonetsa kuti mtovu wa ku Greenland wayamba kutsika petulo atasintha, ndipo mu 1994 linapeza m'chipale chomwecho chizindikiro cha ng'anjo za Agiriki ndi Aroma. Russell Flegal ku Santa Cruz anapitiriza kugwiritsa ntchito mitundu ya mtovu pofuna kudziwa gwero lake, chifukwa mtovu wa mgodi uliwonse uli ndi kasakanizidwe kake. Ulemu unabwera mochedwa: mendulo ya Goldschmidt mu 1980, umembala wa National Academy of Sciences mu 1987, ndi Tyler Prize mu 1995, miyezi yochepa asanamwalire. Bungwe la Geochemical Society limapereka mphoto ya dzina lake kwa ofufuza za chilengedwe.

Kuno ku Africa tinachedwa nazo. Mayiko olemera atasiya, opanga mankhwala aja anapitiriza kugulitsa kwa ife. Mu 2001 mayiko a kum'mwera kwa Sahara anagwirizana ku Dakar kuti asiye, msonkhano wa ku Johannesburg wa 2002 unakhazikitsa mgwirizano wothandiza ntchitoyi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2006 chigawo chonse chinali chitasiya. Dziko lomaliza padziko lonse linali Algeria, mu 2021.

Komatu mtovu suola. Umene unagwa m'mbali mwa misewu zaka zonse zija udakali m'dothi, ndipo mwana wokwawa amaika dothi m'kamwa. Thupi limautenga ngati kashiamu, n'kuusunga m'mafupa kwa zaka makumi. Mayi akakhala woyembekezera umatuluka m'mafupamo n'kupita kwa mwana. Bungwe la WHO limati ana amayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa akuluakulu pa mlingo womwewo, ndipo palibe mlingo umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Kehoe ankati mamaikulogalamu 80 pa desilita ya magazi. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la 2020 linagwiritsa ntchito 5, n'kupeza kuti mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko, ana ofika 800 miliyoni, ali pa mlingo umenewo kapena kupitirira. Kwa anansi athu ku Kabwe ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana akudwalabe mpaka lero. Ku Zamfara ku Nigeria, ana oposa 400 anamwalira cha m'ma 2010 chifukwa makolo ankasinja miyala ya golide yokhala ndi mtovu pakhomo.

Blantyre ilibe mgodi wotero, koma magwero ang'onoang'ono alipo ndipo tonse timawadziwa. Mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu wambiri, ndipo akatha mphamvu ena amawaswa pabwalo, asidi n'kutayira pansi, mtovu n'kusungunula pa mbaula. Miphika yopangidwa ndi zitsulo zakale zosungunula, yofala m'misika ngati wa Ndirande, ndi yotsika mtengo ndipo imakhalitsa. Ofufuza ku Cameroon ndi mayiko ena anapeza kuti miphika yamtunduwu ikhoza kutulutsa mtovu pophika, malinga ndi zimene zinaponyedwa mu ng'anjo. Mtsinje wa Mudi umadutsa pakati pa mafakitale, ndipo m'mphepete mwake anthu amalima masamba. Kafukufuku wa Samson Sajidu ndi anzake, wofalitsidwa mu 2007, anapeza zitsulo zoopsa kuphatikizapo mtovu m'mitsinje ya mumzinda muno.

Nkhani ya penti ndiyo yaonetsa kuti njira ya Patterson ikugwirabe ntchito. Penti wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, ena amaikamo mtovu kuti awale ndi kuuma msanga, ndipo akayamba kukanganuka pakhoma la kalasi kapena pa chitseko amasanduka fumbi. Muyezo umene mayiko ambiri atsatira ndi wa magawo 90 pa miliyoni. Cha m'ma 2020 ndi 2021, bungwe la Lead Exposure Elimination Project linagula penti m'masitolo a m'Malawi muno n'kukamuyezetsa, ndipo wambiri anapezeka atapitirira muyezowo. Lamulo linalipo kale papepala, chimene chinkasowa ndi nambala. Zotsatirazo zitaperekedwa ku Malawi Bureau of Standards, bungweli linayamba kuyeza ndi kutsata opanga penti, ndipo atayezanso patapita zaka zochepa, penti wa mtovu anali atachepa pamsika. Panalibe zionetsero, panalibe milandu ya kukhoti. Panali zitini zogula m'sitolo ndi labotale yodalirika.

Mawu oti yodalirika ndi amene ayenera kuvutitsa ophunzira kemisitiri ku MUBAS ndi kwina konse. Kuyeza penti n'kosavuta chifukwa mtovu wake ndi wambiri. Kuyeza magazi a mwana, madzi a pa mjigo kapena masamba a mpiru n'kwina: milingo yake ndi yaing'ono moti botolo losatsuka bwino, asidi wotchipa kapena fumbi la pawindo zikhoza kusokoneza zonse. Wowerenga lipoti lililonse la zitsulo za mu Mudi ali ndi ufulu wofunsa mafunso amene Patterson ankafunsa anzake. Kodi munayezanso botolo lopanda kanthu kuti muone mtovu wochokera kwa inu eni? Makina anu amayamba kuona pa mlingo uti? Ndipo malo amene mukuwatcha oyera, oyerekezera nawo, mwawapeza kuti? Ngati madzi oyerekezera atungidwa kumtunda kwa mtsinje womwewo, pafupi ndi msewu ndi garaja, lipotilo lidzanena kuti kumunsi kulibe vuto lalikulu, monga momwe labotale ija inanenera za nsomba za m'chitini.